Matebulo Awiri a Mayi Sakala

Masauso ndi Tamara, ana anga, kangapo konse mwandifunsa chimene chinatichotsa m'nyumba yanjerwa ya pasukulu ija, ya mapapaya kuseri, n'kukatiponya m'zipinda ziwiri za lendi ku komboni ya Nabvutika m'tauni ya Chipata. Munali ana, ndiye tinkangokuyankhani kuti ndi transifa. Silinali bodza, koma sitinakuuzeni zonse. Tsopano ndapuma pantchito ndipo maso akadaona, choncho lekani ndikulembereni. Za ubwana wanga ndizilumpha. Agogo anu anali akalaliki a ku mishoni, ine ndinaphunzira zosoka ndi zophika, ndinakwatiwa ndi atate anu, basi.

1990

Ntchito yolandira malipiro ndinaiyamba mochedwa, nonse awiri mutayamba kale kuyenda. Inali ya umatroni pasukulu ya atsikana yogonera konko, kupitirira Madzimoyo, mukasiya tala n'kulowa msewu wafumbi. Ahedi a nthawi imeneyo anali Bambo Lungu, mkulu wa imvi woyenda manja ali kumbuyo. Tsiku loyamba sanachulutse gaga m'diwa. "Mayi Daka," anatero, "atsikanawa azisamba, asamathawe, ndipo azidya. Zotsalazo n'za aphunzitsi."

Mwa zitatuzo, imene ndinaikonda inali ya kuholo yodyera. Belu likalira ndinkaima pakhomo, atsikana n'kumalowa ndi mbale zawo zachitsulo, phokoso lili gwegwegwe. Patebulo lililonse ophika ankaikapo beseni la nsima ndi mbale yaikulu ya ndiwo, ndipo atsikana ankadzigawira okha. Poima pakhomo paja ndinaona zambiri. Mtsikana amene wadya ngati waganyu Lolemba chifukwa wachokera kudimba la sukulu, Lachiwiri ankangonyema pang'ono n'kukankhira beseni kwa mnzake. Ena masiku awo a kumwezi akayandikira ankadya mowirikiza, ena sankafuna n'fungo lomwe la nyemba. Aang'ono a Giredi 8, akafika pa msinkhu wothamangira kutalika, ankadya mpaka iwe kudabwa kuti zikulowa kuti. Zotsala patebulo ili zinkawolokera patebulo ilo popanda wolamula. Onenepa analipo, owonda analipo, monga zimakhalira m'banja lililonse, ndipo palibe amene ankaiona ngati nkhani.

1992

Ichi chinali chaka cha chilala. Mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula, ndipo chinauma chili chiimire. Kusukulu tinayamba kulandira chimanga chachikasu chija, cha kafungo, ndipo ngakhale chimenecho chinkafika mochedwa. Nyemba zinali zofumbwa. Masiku ena madzulo tinkapereka phala lamadzimadzi m'malo mwa nsima. Ndinaona atsikana akusinza m'kalasi dzuwa lili pamutu, ena akulimbirana nkhoko za m'mapoto, ena akugwetsa timango tosakhwima n'kumadya ndi mchere.

Ine ndi Bambo Lungu tinkakwera lole ya sukulu n'kumazungulira m'mafamu ndi m'midzi kupempha chilichonse chodyedwa. Ambiri ankangotionetsa nkhokwe zopanda kanthu. Koma cha ku Mtenguleni tinapeza mlimi wina, Bambo Jere, Mngoni wamtali wa chifuwa chotakata, amene anali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje. Anatidzazira ngolo ya mbatata ya kandolo ndi nsawa osafuna kanthu. Potsazikana anandiuza akuseka, "Amayi, chaka chamawa ndikubweretserani wanga Dailesi. Mukandisungire. Thupi anatengera ine, ndipo pa chakudya sachita manyazi."

Ndalemba za chilalachi kuti mumvetse mkwiyo wanga wa pambuyo pake. Munthu amene waona ana akulira ndi njala yobwera yokha sangapirire kuona njala yochita kupangidwa mu ofesi, matumba a ufa ali mulu m'sitolo.

1994

Bambo Lungu atapuma, kunabwera Mayi Sakala kuchokera ku Lusaka. Ndisawanamizire, anali munthu wogwira ntchito. Mjigo umene unafa kalekale anaudzutsa. Mawindo a m'nyumba zogona anaikamo magalasi. Mphunzitsi wina amene ankavutitsa atsikana anamuthamangitsa teremu yoyamba yomweyo, pamene ena tinkangomuyang'ana. Anali mayi wosalala, wovala masuti, woyenda ndi nsapato za gogoda ngakhale pafumbi. Mu ofesi mwawo simunkasowa fulasiki ya madzi otentha a ndimu, ndi tiyi wina wa m'timapaketi amene ankati amasungunula mafuta. Masana ankadya dzira limodzi lowiritsa ndi tomato. Zimenezo zinali zawo, thupi n'lawo, ndipo sindikanalowerera.

Teremu yachiwiri anandiitana. Nditalowa ndinaona kasikelo koyera kali pansi pafupi ndi desiki, kaja kamene munthu amapondapo ndi mapazi.

"Matroni, munawaona atsikana athu pa perete wa masukulu ku Chipata?" anafunsa. "Ine ndinachita manyazi. Ena masiketi akufuna kuphulika, ena ngati bango. Onenepawo ndi ulesi ndi dyera, ndipo akadzakula ndi aja odwala shuga. Owondawo ndiye oopsa kwambiri. Mukudziwa zimene anthu akunena masiku ano akaona munthu wowonda. Mukufuna makolo azinong'onezana kuti pasukulu pano pali matenda aja?"

Zinali zaka zimene maliro anachuluka m'dera lonse, ndipo munthu akangotsika thupi anthu ankayamba kale kumuloza ndi milomo kuti ndi kaliwondewonde. Mantha amenewo ndinkawamvetsa. Komabe ndinati, "Madamu, anawa anabadwa choncho. Tsiku lodzacheza makolo mudzaone amayi awo ndi azakhali awo."

"Kubadwa si chifukwa, Matroni. Thupi limaphunzitsidwa ngati mmene timaphunzitsira mutu."

Loweruka lotsatira sukulu yonse inasonkhana muholo. Mtsikana aliyense ankaitanidwa dzina, kuvula nsapato, kuponda pasikelo anzake onse akuona, ndipo Madamu ankaloza ndi cholembera: uyu kumanzere, uyu kumanja, uyu abwerere pamalo pake. Kutsogolo kwa holo kunaikidwa matebulo awiri. La kumanzere linali la ochepetsa thupi: theka la mtanda wa nsima, masamba opanda mafuta, tiyi wopanda shuga, buledi wa Lamulungu ayi. La kumanja linali la owonjezera: mitanda iwiri, phala la nsawa pamwamba pake, ndipo palibe kudzuka mbale isanayere. Madamu anawapatsa matebulowo mayina okongola a Chingerezi, koma dzuwa lisanalowe atsikana anali atawatcha kale awoawo. Lina linali tebulo la mvuu, lina la udzudzu.

Dailesi wa Bambo Jere uja, amene tsopano anali Giredi 9, anapita la mvuu. Anali mtsikana wamtali wa mapewa otakata, wotchinga kumbuyo mu timu ya mpira wamanja, woti akaseka kudimba unkamumva uli kukhitchini. Chibwerereni pasukulupo anali asanagonepo m'chipinda cha odwala. Ku la udzudzu kunapita Tionenji Mwale, kamtsikana kochepa thupi, kachete, koma koopsa pa masamu. Amayi ake anali atamwalira chaka chapitacho atadwala chifuwa nthawi yaitali. Kumukhazika patebulo limenelo kunali ngati kumulemba chizindikiro pamphumi. Sabata yomweyo anzake anasiya kumwera kapu imodzi ndi iye.

Ine ndinauzidwa kuti ndiziima pakati pa matebulo awiriwo. Ana anga, pa zonse zimene ndaona pantchito, uchitsiru woposa uwu sindinauonepo. Kumanzere kwanga ana akuyang'ana chakudya misozi ili m'maso chifukwa akuchifuna. Kumanja kwanga, poti ukatambasula mkono ukhudza, ana akuyang'ana chakudya misozi ili m'maso chifukwa chikukana kutsika pakhosi. Tsiku lina Tionenji anazembetsa mtanda wa nsima pansi pa tebulo n'kupatsira Dailesi. Ine ndinayang'ana kudenga, koma pulifekiti wina anaona n'kukanena. Onse awiri anapatsidwa chibalo chokumba dzenje la zinyalala, wina chifukwa chokana kudya, wina chifukwa chodya.

Ndinadandaula mu ofesi. Ndinadandaula kwa wachiwiri kwa ahedi. Ndinapita ngakhale kwa abusa a mpingo wathu, amene anali m'komiti yoyendetsa sukulu. Yankho linali limodzimodzi: "Apatseni mpata, Mayi Daka. Madamu ndi ophunzira, akudziwa chimene akuchita." Ophika atayamba kumakuza mitanda ya kumanzere mwakachetechete, Madamu anazindikira n'kulamula kuti patebulo limenelo azigawa ndi mapulifekiti.

1995

Chaka chimenechi zipatso zinaoneka. M'nyumba zogona munayamba kuba, chinthu chimene sichinkachitika ngakhale nthawi ya chilala. Shuga wa munthu, nsawa zokazinga zochokera kwawo, zonse zinkasowa. Atsikana ena a patebulo la mvuu ankasinthanitsa sopo wawo ndi zitumbuwa kwa amayi ogulitsa kuseri kwa mpanda. Wina ndinamupeza kuseri kwa khitchini akubwira ufa wosaphika. Tionenji naye, akangomaliza mbale ziwiri zija pulifekiti atamuimirira pamutu, ankathamangira kuseri kwa holo n'kukabweza zonse. M'malo monenepa anawonjezera kuwonda, ndipo manong'onong'o anakula.

Dailesi atapita kwawo pa holide anakadya mosalekeza, monga amachitira aliyense amene wamanidwa. Anabwerera atalemera kuposa kale. Ataponda pasikelo muholo muja, Madamu anangopukusa mutu, ndipo holo yonse inaseka. Ndinaona nkhope ya mwanayo ikuzima. Kuyambira tsiku limenelo anatembenuka. Ngakhale katheka ka mtanda kaja anayamba kukasiya. Ankadzimanga pamimba ndi chitenje mkati mwa yunifolomu, ankamwa madzi a ndimu kutengera Madamu, ndipo kuseka kuja kunatha. Atatsika thupi, Madamu anamuimika kutsogolo pa asembule. "Onani chitsanzo," anatero. "Uyu wagonjetsa thupi lake." Sukulu yonse inamuombera m'manja.

M'nyengo yachisanu, masana ena, Dailesi anagwa pabwalo la mpira wamanja, mpira uli m'manja. Anzake anamunyamulira kuchipinda cha odwala. Atatsitsimuka ndinamumasula chitenje chija, chimene chinali chitasiya mizere pakhungu, ndipo ndinamuphikira phala. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi kapu ili m'manja.

"Dailesi, uli ndi njala?"

Anayang'ana kapuyo nthawi yaitali. "AMatroni, sindikudziwa."

"Sukudziwa bwanji, mwanawe? Mimba si yako?"

"Kale inkandiuza. Pano ikalira ndimati ndi dyera lija amanena Madamu. Ndikayamba kudya sindidziwa polekera, ndiye ndimaona bwino osayamba n'komwe. Ingondiuzani inuyo masipuni amene ndiyenera kumwa."

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo mtima umandiwira. Khanda la masiku awiri, losadziwa ndi chitseko chomwe cha sukulu, limadziwa kulira likamva njala ndipo limalavula bere likakhuta. Sukulu yathu inalandira mwana wa eni ake wodziwa zimenezo, n'kumuphunzitsa, kumuphunzitsa, mpaka kuziiwala. Ndiye tizinena kuti amenewo ndi maphunziro?

M'mawa mwake ndinapita naye kukachipatala kapafupi. Anesi anati magazi achepa, mwanayu azidya. Nditawauza Madamu, anayankha akusaina mapepala, osadzutsa mutu. "Wangopyola muyeso yekha. Vuto si lamulo, Matroni. Akachira abwerere patebulo lake."

Apa mpamene panali povuta, ana anga. Chaka chomwecho atate anu anali atachotsedwa ntchito ya ukalaliki, kampani ya boma imene ankagwirako m'tauni itagulitsidwa. Tinkadya malipiro anga, ndipo denga limene tinkagonamo linali la sukulu. Loweruka masana, inu mukusewera kumapapaya, ndinawauza pakhonde zimene ndinkaganiza kuchita.

Anavula magalasi awo n'kuwapukuta ndi malaya. Kenako anati, "Amake Masauso, mukalimbana nawo amayi aja, tikagona kuti?"

"Sindikudziwa, atate ake Masauso."

"Simungangowapatsa anawo chakudya mobisa? Kuno kunyumba, mwachitsanzo?"

"Ndadyetsapo angati mobisa? Akadya kuno amadya ngati akuba, maso ali kukhomo. Mawa lake abwereranso patebulo lomwe lija anzawo akuwaseka. Si nsima yokha imene awalanda."

"Nanga ana athuwa?"

"Tamara akula. Atengera azakhali ake, mukumuona. Atamukhazika patebulo la mvuu, mungafune kuti matroni wa kumeneko azingoyang'ana kudenga?"

Anavala magalasi aja n'kuyang'ana kumene munkasewera. "Ine sindikuletsani," anatero. "Koma mudziwe kuti pobwerera palibe."

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinapita kuholo belu lisanalire. Ndinauza ophika kuti aike mabeseni monga kale, ndipo aliyense akadzafunsa anene kuti ndawalamula ndine. Matebulo awiri aja ndinawakoka ndekha, limodzilimodzi, miyendo yake ikulira pasimenti, mpaka ndinawabwezera m'mizere. Atsikana atalowa anangoima chilili, mbale zili m'manja.

"Aliyense akhale pamene ankakhala kale," ndinatero. "Wanjala adye. Wokhuta asambe m'manja azipita."

Poyamba palibe anasuntha. Kenako kamtsikana kena ka Giredi 8 kanakoka benchi, ndipo ena anatsatira. Phokoso la mbale litangoyamba, ndinamva gogoda akubwera pakhonde. Madamu anaima pakhomo, anayang'ana holo yonse, n'kundikodola kuti ndituluke.

"Mayi Daka, wakupatsani mphamvu zimenezi ndani?"

"Palibe, Madamu. Ndachita ndekha."

"Mukudziwa kuti nyumba mukukhalayo ndi ya sukulu?"

"Ndikudziwa."

"Bwezani matebulo aja panopa, ndipo ndiiwala kuti zimenezi zachitika."

Koma ndinati, "Madamu, zabwino zimene mwachita pano ndimaziona, ndipo ndimakulemekezani. Koma matebulo amenewo mubweze nokha kapena mutume ena. Manja angawa ayi."

Anatuma ena. Lolemba m'mawa anthu osesa pabwalo anawakokeranso kutsogolo. Ufulu umene ndinawapezera atsikanawo unali wa chakudya chamasana chimodzi ndi chamadzulo chimodzi.

Ndinaitanidwa pamaso pa komiti. Chimene chimandipweteka kwambiri si Madamu ayi, koma anthu amene anakhala pamipando tsiku limenelo. Anali athu omwe, aphunzitsi ndi makalaliki a mumpingo mwathu, anthu amene ndinakula nawo limodzi ku mishoni. Mayi wina woimira makolo anati iye akuthokoza chifukwa mwana wake tsopano akuoneka ngati mtsikana wa m'tauni. Abusa anakamba za kumvera akuluakulu. Nditayamba kufotokoza za mizere ya chitenje pamimba pa Dailesi ndi za Tionenji kuseri kwa holo, atcheyamani anakweza dzanja. "Mayi Daka, pano tikukamba za mwambo wa pantchito, osati za chakudya." Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapempha kuti anawo aitanidwe awaone ndi maso. Ananditumiza kusukulu yoyendera ya m'tauni kuti ndizikayang'anira osesa ndi kusunga makiyi a sitolo. Ntchito imeneyo inalibe nyumba.

Ndisanasamuke ndinatumiza uthenga ku Mtenguleni. Bambo Jere anafika panjinga, fumbi lili mpaka m'mawondo. Dailesi atatuluka kudzawalonjera, anamuyang'ana kaye ngati mwana wa munthu wina. Mwanayo atagwada n'kunena kuti, "Atate," mkuluyo anaisiya njinga kuti igwe yokha. Analowa mu ofesi osagogoda, ndipo mawu awo tinkawamva tili panja. "Ine ndinakupatsani mwana, inu mukundibwezera chithunzithunzi chake! Munandifunsa ine? Amene ndimamudyetsa chibadwire ndinakudandaulirani kuti wakula thupi?" Anatuluka atatenga mwana wawo ndi sutikesi yake.

Pobwerera anandipeza kunyumba ndikumanga katundu. Anati kwawo kulibe sekondale yapafupi, ndipo sakufuna kuti mwanayo asiye sukulu. Anapempha ngati angakhale nafe m'tauni kuti aziyendera. Ndinawauza kuti kumene tikupitako ndi zipinda ziwiri. Atate anu ndi amene anayankha, akumanga matiresi ndi chingwe. "Pogona anayi, wachisanu salephera, aJere. Abwere." Umu ndi mmene asisi anu a Dailesi anadzakhalira nafe, kugona mphasa imodzi ndi iwe Tamara.

Tionenji analibe bambo wokwera njinga. Amalume ake atamva manong'onong'o anangomuchotsa sukulu, poganiza kuti palibe chifukwa chophunzitsira munthu woti afa posachedwa. Ndinadzakumana naye patapita zaka zingapo akugulitsa tomato pamsika, mwana wonenepa ali kumbuyo, iye ali wowonda monga kale ndiponso wathanzi monga kale. Mutu umene unkagonjetsa sukulu yonse pa masamu unali pa mulu wa tomato. Mayi Sakala anakhala pasukulupo mpaka anakwezedwa pantchito, ndipo anatsazikidwa ndi nyimbo ndi mphatso. Amene anawalowa m'malo anangochotsa matebulo aja mwakachetechete, ngati mmene munthu amachotsera mpando wothyoka. Kupepesa sikunamveke kwa wina aliyense, kwa anawo kapena kwa ine.

1996

Ku Nabvutika moyo unali wothina. Madzi tinkatunga pampopi wa anthu onse, denga linkadontha pakona, ndipo atate anu ankayenda wapansi m'tauni kufunafuna maganyu olemba. Chimene chinatipulumutsa ndi matumba a chimanga ndi kandolo amene aJere ankatumiza pa ngolo.

Kumuwononga Dailesi kunatenga materemu ochepa, koma kumubweza kunali ntchito yaitali kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinalibe mankhwala. Chimene ndinachita n'kuchotsa malamulo onse. Tinkadya pamphasa, m'mbale imodzi, ndipo inu awiri ndinakukokerani pambali n'kukuuzani kuti wonena chilichonse pa kadyedwe ka asisi aona zakuda. Pakona ndinkasiya dengu la kandolo wowiritsa, lovundikira ndi nsalu, loti aliyense atenge nthawi imene wafuna osapempha. Miyezi yoyamba, asananyeme nsima ankayamba wandiyang'ana kumaso, ngati akudikira chilolezo. Ine ndinkayang'ana dala kwina, n'kuyambitsa nkhani ya mvula kapena ya aneba. Masiku ena ankatha dengu lonse lija yekha, kenako n'kukhala kuseri kwa nyumba akulira atagwira pamimba. Sindinkamukalipira. Ndinkangowiritsa wina n'kudzazanso dengulo, kuti aone kuti mawa chakudya chidzakhalapo. Pochapa ndinkapeza nkhoko zouma atazibisa m'pilo. Ndinkazichotsa osanena kanthu. Kangapo anandifunsa, "Amayi, ndadya kwambiri eti?" Yankho langa linali limodzi: "Ine sindili m'mimba mwako, mwanawe. Ifunse yokha."

Pang'onopang'ono masaya anabwerera. Analowanso timu ya mpira pasukulu yake yatsopano. Tsiku lina ndinamumva akuseka kumpopi ine ndili m'nyumba, ndipo ndinaima kaye ndi tsache m'manja.

Loweruka lina la dzinja, atate anu anabwera masana ndi nsomba zaziwisi atazikulunga m'nyuzipepala. Anali atapeza ganyu yolembera wamalonda wina, ndipo ife tinali titatha miyezi osalawa nsomba. Ndinazikazinga, n'kuthira tomato ndi anyezi, tonse n'kukhala pamphasa. Kunja mitambo inali itada. Dailesi anadya ndi mtima wonse, akukuuzani nkhani ya mphunzitsi wawo wa sayansi amene anaterereka m'matope. Anatenganso nsima kachiwiri, dzanja likungopita lokha, osayang'ana nkhope ya munthu. Kenako, nkhani ili mkati, anakoka beseni la madzi n'kusamba m'manja. Mbali yake kunali kutatsala chidutswa chabwino cha nsomba, cha kumutu.

Pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinatsala pang'ono kunena zimene mayi aliyense amanena, zoti maliza, nsomba sizibwera tsiku lililonse. Atate anu anandiponda chala ndi phazi lawo, maso ali pambale.

"Masauso, tenga iwe," anatero Dailesi akupukuta manja pachitenje. "Ine zandikwana." Anadzuka n'kuthamangira panja kukaanula zovala, chifukwa madontho anali atayamba kugunda pamalata.

Iwe Masauso unaidya nsombayo mpaka kutafuna mutu, osadziwa chimene amayi ako anadzukira pamphasa n'kukaima kuseri kwa nyumba, mvula ikuwanyowetsa.